Kulankhula pa intaneti osasiya njira yofika pakhomo panu

Anthu ambiri amene amalemba pa intaneti ndi dzina lopeka amakhala mtima uli m'malo. Wina amadzitcha Mphungu77, n'kuyamba kufunsa za matenda amene sanauzepo ngakhale mkazi wake. Wina amadandaula za abwana ake, wina akufufuza njira yothawira mwamuna wankhanza, wina akudzudzula akuluakulu a boma. Onsewa ali ndi zifukwa zomveka zobisira dzina, n'chifukwa chake zimandipweteka kuona mmene amadziwikira mosavuta.

Kawirikawiri amene amawaulula si akatswiri othyola makompyuta ayi. Ndi tizinthu timene iwo eni anasiya apa ndi apo: imelo yakale, chithunzi chimodzi, dzina la sukulu, nthawi imene amakonda kulemba. Kalikonse pakokha n'kopanda ntchito ngati mkanda umodzi, koma wofuna kukudziwani amangosowa ulusi woti atungire mikandayo. Mu 2006 kampani ya AOL ya ku America inatulutsa poyera mawu pafupifupi 20 miliyoni amene anthu oposa 650,000 anafufuza pa intaneti m'miyezi 3. Mayina onse anachotsedwa, aliyense anangopatsidwa nambala. Sipanapite masiku ambiri atolankhani a New York Times anali atafika pakhomo pa mayi wina wachikulire wa ku Georgia. Anamupeza pongowerenga zimene ankafufuza: anthu okonza kapinga a m'tauni yake, anthu a dzina la banja lake, mavuto a galu wake. Malangizo ali m'munsiwa cholinga chake n'chimodzi, kudula ulusi pakati pa dzina lanu lopeka ndi inu mwini.

Choyamba, dziwani amene mukumubisalira

Musanakhudze kalikonse pafoni, dzifunseni kuti ndani amene simukufuna kuti akudziweni. Makampani otsatsa malonda amafuna kudziwa zimene mumakonda ndi kumene mumayenda, ndipo amenewa mumawatsekereza mu browser. Munthu amene amakudziwani kale, kaya mnzanu wa kuntchito, chibwenzi chakale kapena wachibale, alibe zida zilizonse zapamwamba, koma amadziwa mbiri yanu ndi kalankhulidwe kanu. Kwa ameneyu VPN, pulogalamu yobisa kumene mukulowera pa intaneti, ilibe ntchito, chofunika n'kusamala zimene mukulemba. Eni ake a webusaiti amaona imelo imene munalembetsera, nambala ya IP (adiresi ya foni kapena kompyuta yanu pa intaneti) imene mukulowera ndi mauthenga anu apadera. Boma nalo lingathe kulamula eni webusaitiwo pamodzi ndi kampani ya foni kuti apereke zimene asunga. Ngati amene mukumuopa ndi boma kapena munthu woti angakuvulazeni, musadumphe sitepe ngakhale imodzi.

Chachiwiri, dzina latsopano, imelo yatsopano, popanda nambala ya foni

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Dzina limene mumagwiritsa ntchito pa Instagram, pamasewera a pakompyuta kapena pa imelo yanu lisaonekenso pamalo amene mukufuna kubisala. Lisafananenso n'komwe. Ngati kwina ndinu Mphungu77 ndipo kuno mwadzitcha Mphungu_1977, mwangowonjezera chaka chanu chobadwa. Sankhani mawu amene alibe chochita ndi inu, kenako alembeni mu Google muone ngati sakulozera kwina.

Ross Ulbricht, amene anayambitsa msika wa mankhwala ozunguza bongo wa Silk Road, anabisa msikawo ndi zida zamphamvu kwambiri. Koma kumayambiriro kwa 2011 munthu wodzitcha altoid analengeza za msikawo pa intaneti, ndipo patapita miyezi altoid yemweyo analemba kuti akufuna katswiri wa makompyuta, n'kuikapo imelo ya Gmail yokhala ndi dzina lake lenileni. Mu 2013 wofufuza milandu wa ku bungwe la misonkho la IRS, Gary Alford, anapeza mauthenga awiriwo pongofufuza mu Google, ndipo mu October chaka chomwecho Ulbricht anamangidwa ku San Francisco. Ndikutchula anthu a milandu chifukwa nkhani zawo n'zimene zinafotokozedwa mwatsatanetsatane m'makhoti. Msampha womwewo umakolanso namwino amene akuulula za kuba mankhwala kuntchito kwake, ndipo iyeyo ndi amene ndikumudera nkhawa.

Tsegulani imelo ina yongogwiritsa ntchito pa dzina lopekalo. Proton Mail ndi Tuta ndi ena mwa makampani amene amapereka imelo yaulere popanda kufunsa zambiri. Pa imelo yatsopanoyo musaikepo imelo yanu ya masiku onse ngati yobwezeretsera pasiwedi. Webusaiti ikakupatsani batani loti mulowe kudzera pa Google kapena Facebook, likaneni, lembetsani ndi imelo yatsopano ija.

Nambala ya foni ndi yoopsa kuposa imelo, chifukwa m'mayiko ambiri SIM khadi imalembetsedwa ndi chiphaso chanu, komanso aliyense amene anakusungani mufoni mwake angathe kukupezani pulogalamu ikawerenga manambala ake. Mu 2022 Twitter inavomera kuti panali vuto limene linkalola munthu kulemba nambala ya foni kapena imelo n'kuona akaunti yake, ndipo wina anasonkhanitsa maakaunti 5.4 miliyoni mwa njira imeneyi. Kampaniyo inachita kulangiza anthu a mayina opeka kuti asamaike nambala kapena imelo yodziwika. Palinso kanjira kena kosavuta: munthu amapita pamene amalowera, n'kulemba dzina lanu lopeka, n'kudina kuti waiwala pasiwedi. Mawebusaiti ena amayankha kuti atumiza uthenga ku nambala yothera ndi 45. Ngati amakukayikirani kale, manambala awiriwo amukwanira. Ngati pulogalamu ikukakamizani kupereka nambala, lowani mu Settings muzimitse zoti anthu azikupezani ndi nambala kapena imelo, ndipo musailole kuwerenga manambala a mufoni mwanu.

Chachitatu, pasiwedi

Akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake. Mawebusaiti amathyoledwa, ndipo mndandanda wa maimelo ndi mapasiwedi umayamba kuyendayenda. Pasiwedi yachilendo ikapezeka pa maakaunti awiri a mayina osiyana, ndi umboni woti mwini wake ndi mmodzi. Gwiritsani ntchito pulogalamu yosunga mapasiwedi monga Bitwarden kapena KeePassXC kuti izikupangirani atali osaloweza. Yatsani chitetezo chachiwiri, koma musankhe cha pulogalamu yotulutsa manambala pafoni, osati cha SMS, popeza cha SMS chimafuna nambala ija tangokana. Kenako lembani maimelo anu pa Have I Been Pwned, webusaiti imene Troy Hunt anatsegula mu 2013, muone kumene anatulukira kale.

Chachinayi, zimene mumanena ndi pakamwa panu

Palibe pulogalamu imene ingakutetezeni pa gawo ili, ndipo ndi limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse.

Latanya Sweeney, katswiri wa za makompyuta wa ku America, anawerengera pogwiritsa ntchito kalembera wa 1990 kuti anthu 87 pa 100 alionse m'dzikolo akanatha kudziwika ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, nambala ya positi ya dera lawo, ndi zoti ndi mwamuna kapena mkazi. Tsono taganizirani zimene munthu amanena pa chaka chimodzi akucheza momasuka. Mu January analemba kuti ndi mphunzitsi wa masamu. Mu April anadandaula kuti mapasa ake akudwala. Mu June anati mlatho wa pafupi ndi kwawo watsekedwa. Mu September anathokoza anthu pomufunira zabwino pa tsiku lake lobadwa. Iye anaiwala zonsezi, chifukwa anazinena miyezi yotalikirana. Koma munthu akadina pa dzina lake amaziwerenga zonse motsatizana pa mphindi 10, ndipo aphunzitsi a masamu okhala ndi mapasa pafupi ndi mlatho umenewo si ambiri.

Chitani izi. Tsegulani zonse zimene munalembapo ndi dzina lopekalo, tengani pepala, mulembe chilichonse chonena za inu: ntchito, msinkhu, ana, dera, galimoto, matenda, kumene munaphunzira. Mukamaliza werengani pepalalo ngati ndinu mlamu wanu kapena mnzanu wa mu ofesi. Mukaona kuti akanakuzindikirani, dzinalo lapsa basi. Lisiyeni, yambani lina.

Kuyambira pamenepo muzichepetsa tsatanetsatane. Pofunsa malangizo a zamalamulo simufunika kutchula kuti munayamba ntchito pa 3 March, nenani kuti mwagwira zaka zingapo. Ngati nkhani inachitika pamsonkhano wa anthu 5 ndipo inu mwaifotokoza mawu ndi mawu, dziwani kuti okayikiridwa ndi 5 okha. Dikirani papite nthawi, ndipo musiye mbali zimene ndinu nokha amene munaziona. Nkhani zosiyana zikhale ndi maakaunti osiyana: imene mumafunsira za thanzi isakhale yomwe mumakambira za mpira wa m'dera lanu.

Kalembedwe nakonso kamaulula. Ted Kaczynski anatumiza mabomba ku America kuyambira 1978 mpaka 1995 apolisi a FBI osamupeza. Nkhani yake yaitali itasindikizidwa mu Washington Post mu 1995, mng'ono wake David anazindikira maganizo ndi mawu amene mkulu wakeyo ankakonda, ndipo mu April 1996 anamangidwa ku Montana. Aliyense wa ife ali ndi mawu amene amabwereza, chilembo chimene amaphonya nthawi zonse, timadontho titatu kumapeto kwa chiganizo, emoji imene saisiya. Kusinthiratu kalembedwe n'kovuta, koma mungathe kulemba mwachidule, kupewa nthabwala zimene anzanu amakudziwani nazo, ndiponso kusakopera ndime imodzimodzi pa akaunti yeniyeni ndi yopeka. Samalaninso nthawi. Ngati maakaunti awiri amadzuka limodzi, kugona limodzi, n'kusowa limodzi sabata imene inu munali paulendo, wina adzaona.

Chachisanu, zithunzi ndi mafayilo

Chithunzi chojambulidwa ndi foni chimanyamula zolemba zobisika zotchedwa EXIF: mtundu wa foni, tsiku, ola, ndipo nthawi zambiri malo enieni a GPS. Mu December 2012 John McAfee, amene anayambitsa kampani ya pulogalamu yoteteza makompyuta, ankathawa apolisi a ku Belize. Atolankhani a Vice amene anali naye anaika chithunzi chake pa intaneti osachotsa zolembazo, ndipo anthu anaona nthawi yomweyo kuti ali ku Guatemala. Anagwidwa patangopita masiku ochepa.

Lowani mu Settings ya kamera muzimitse zosunga malo. Pa iPhone, mukamatumiza chithunzi dinani Options pamwamba, muzimitse Location. Pa Windows dinani chithunzicho ndi batani lakumanja, musankhe Properties, kenako Details, kenako Remove Properties and Personal Information. Njira yachidule ndi kutsegula chithunzicho n'kuchijambula screenshot, n'kutumiza screenshotyo. Mapulogalamu akuluakulu amachotsa EXIF anthu ena asanaone, koma mawebusaiti ang'onoang'ono ambiri sachotsa, ndipo ngakhale pa WhatsApp chithunzi chotumizidwa ngati document chimapita ndi zonse.

Mukatero yang'anani chithunzicho ndi maso. Chikuitseni, muone m'makona: envelopu ya kalata patebulo, yunifomu ya mwana pampando, nambala ya galimoto, nkhope yanu pagalasi la windo, phiri kapena nyumba yooneka panja. Screenshot nayo imaonetsa ola, dzina la kampani ya foni ndi mauthenga amene angolowa kumene, choncho dulani m'mphepete monse. Pobisa mawu, phimbani ndi bokosi lakuda lenileni, osati kungowachititsa chimbuuzi kapena kupaka ndi cholembera choonekera mkati. Mafayilo a Word ndi PDF amasunga dzina la amene anawalemba, nthawi zina ndi la kampani. Ndipo chithunzi chimene chili kale pa Facebook yanu chisakhale cha akaunti yopeka, chifukwa Google Lens ndi TinEye zimapeza kumene chithunzi chinaonekerapo.

Chachisanu ndi chimodzi, browser

Mukatsegula tsamba limodzi, browser yanu imalankhula ndi makampani ena ambiri amene simukuwaona: otsatsa malonda, owerenga alendo, eni mabatani a Like ndi Share, eni mavidiyo amene aikidwa patsambapo. Aliyense angathe kusiya cookie, kafayilo kakang'ono kokhala ndi nambala yanu. Mukapita patsamba lina pamene kampani yomweyo ilinso, imawerenga nambala ija n'kudziwa kuti ndinu yemwe uja. Ngati mu browser yomweyo mwalowa pa Facebook kapena Google ndi dzina lenileni, nambalayo ili ndi dzina.

Njira yosavuta ndiponso yamphamvu ndi kukhala ndi browser ziwiri. Ina ikhale ya moyo wanu wodziwika: banki, ntchito, achibale. Inayo ikhale ya dzina lopeka lokha, ndipo musalowemo ndi akaunti yeniyeni ngakhale kamodzi. Pa yachiwiriyi ndimalimbikitsa Firefox kapena Brave. Mu Firefox pitani pa Settings, Privacy & Security, musankhe Strict, kenako muikemo uBlock Origin, chowonjezera chotsekereza otsatsa malonda ndi okulondolani. Safari imatsekereza ma cookie a makampani akunja kuyambira 2020. Chrome sichita zimenezi yokha, ndipo mu 2024 Google inasiya pulani yake yowathetsa, choncho muyenera kulowa pa Privacy and security n'kuwatseka nokha.

Musadalire Incognito, windo lachinsinsi la mu Chrome. Ntchito yake ndi yoti amene adzagwire foni yanu pambuyo panu asaone kumene munapita, basi. Webusaiti, kampani ya intaneti ndi abwana anu amaonabe. Mu 2024 Google inavomera kufufuta zolemba mabiliyoni ambiri pothetsa mlandu umene anthu anaisumira wokhudza kulondola anthu amene ankagwiritsa ntchito Incognito.

Ngakhale popanda cookie, browser imadziwika ndi maonekedwe ake: kukula kwa sikirini, chilankhulo, nthawi ya dera, mitundu ya zilembo imene ili mukompyuta. Mu 2010 bungwe la Electronic Frontier Foundation linayesa ma browser pafupifupi 470,000 n'kupeza kuti oposa 8 pa 10 alionse sankafanana ndi ina iliyonse. Mungayese yanu pa tsamba lawo la Cover Your Tracks. Chodabwitsa n'chakuti kuunjika zowonjezera zambiri mu browser kumakuchititsani kuoneka wapadera kwambiri, ndiye imodzi kapena ziwiri zakwana.

Pafoni, ngati n'zotheka lowani kudzera mu browser m'malo moika app, chifukwa app imapempha zambiri. Pa Android fufutani advertising ID, nambala imene otsatsa malonda amadziwira foni yanu, mu Settings, pa gawo la Ads. Pa iPhone, kuyambira iOS 14.5 ya mu 2021, app iyenera kupempha chilolezo isanakulondoleni. Muzikana.

Chachisanu ndi chiwiri, nambala ya IP

Webusaiti iliyonse imaona nambala ya IP imene mukulowera. Payokha imangosonyeza kampani ya intaneti ndi dera mongoyerekeza, koma kampaniyo imadziwa kasitomala amene anali ndi nambalayo pa ola limenelo. Lamulo loyamba n'losafuna ndalama: musalowe mu akaunti yopeka pa Wi-Fi ya kuntchito kapena ya kusukulu, ndiponso pa kompyuta kapena foni ya kampani. Zimenezo si zanu, ndipo oyang'anira makompyuta ali ndi njira zoonera zimene zikudutsa.

VPN imabisa IP yanu kwa webusaiti, komanso imabisira kampani ya intaneti kumene mukupita. Koma zonsezo tsopano zikudutsa kwa mwini VPN, ndiye funso n'lakuti mumamukhulupirira bwanji. Ya ulere muzikayikira. Onavo inali VPN yaulere ya Facebook imene inkasonkhanitsa zimene anthu akuchita pafoni, mpaka inachotsedwa mu App Store mu 2018 n'kutsekedwa mu 2019. Ngati nkhani yanu ingakuikeni m'ndende kapena m'manja mwa munthu woopsa, gwiritsani ntchito Tor Browser. Imadutsitsa uthenga wanu pa makompyuta atatu, ndipo palibe imodzi mwa itatuyo imene imadziwa zonse ziwiri, kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Imayenda pang'onopang'ono, mawebusaiti ena amaikana, ndipo kampani yanu ya intaneti ingathe kuona kuti mukuigwiritsa ntchito ngakhale siona zimene mukuchita. Akaunti yopekayo ndi imelo yake zitsegulidwe muli kale mu Tor kapena VPN, chifukwa IP ya tsiku lolembetsa imasungidwa.

Chachisanu ndi chitatu, malinki ndi mauthenga apadera

Munthu wofuna IP yanu safunika luso. Amakutumizirani linki yopita pa seva yake, n'kunena kuti taonani izi zikukukhudzani. Mukangodina, wapeza IP, mtundu wa foni ndi ola. Linki yochokera kwa munthu amene mwangokangana naye, kapena kwa mlendo waubwenzi wopitirira muyezo, isiyeni. Maimelo nawonso amakhala ndi kachithunzi kosaoneka kamene kamauza wotumiza kuti mwatsegula, choncho zimitsani zoti zithunzi zizitseguka zokha.

Malinki amene inu mumagawana yang'anani kumchira kwake. Pambuyo pa chizindikiro cha funso pamakhala zinthu monga fbclid, utm_source, si kapena igsh zotsatiridwa ndi zilembo zambirimbiri. Zina mwa izo zimathandiza kampani kudziwa amene anagawa linkiyo, ndipo mapulogalamu ena amafika poonetsa wolandirayo dzina la amene wamutumizira. Dulani mchirawo, yesani ngati linki ikutsegukabe, kenako tumizani. Linki ya Google Docs kapena Google Drive ingaonetse dzina la akaunti ya mwini fayilo.

Mauthenga apadera a pamawebusaiti ambiri si achinsinsi kwa eni webusaiti, ndipo webusaiti ikathyoledwa amatuluka limodzi ndi zina zonse. Zofunika kubisa kambiranani pa Signal, imene kuyambira 2024 imalola kupatsa munthu dzina lolumikizirana m'malo mwa nambala. Komabe kumbukirani kuti mnzanuyo angathe kujambula screenshot. Munthu amene mwadziwana naye miyezi iwiri pa intaneti, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, safunika dzina lanu lenileni kuti mupitirize kucheza.

Pomaliza, zakale

Lembani mu Google mayina onse opeka amene munagwiritsapo ntchito, lililonse mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, kenako maimelo anu ndi nambala yanu ya foni. Mu imelo yanu yakale fufuzani mawu monga welcome, verify ndi confirm, mupeza maakaunti amene munawaiwala kalekale. Pa iliyonse imene simukuifunanso, yambani mwafufuta kapena kusintha zolemba zimene zikukuululani, chifukwa mawebusaiti ambiri mukatseka akaunti amangochotsa dzina, zolembazo n'kutsala. Kenako chotsani chithunzi, tsiku lobadwa ndi nambala, ndipo mukatero tsekani akauntiyo. Makampani amene amatsatira lamulo la GDPR la mayiko a European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu May 2018, amakhala ndi njira yoti muwapemphe kuti afufute zimene akusunga za inu, ndipo ambiri amaika fomu yake pa tsamba la Privacy.

Kufufuta sikuchotsa makope amene ena anasunga. Wayback Machine ya Internet Archive ili ndi masamba akale kuyambira 1996, ndipo mungaikemo adiresi ya tsamba lanu muone ngati linajambulidwa. Mukalipeza ndipo lili ndi zinthu zoti zingakuikeni pangozi, alembereni a Internet Archive kuwapempha kuti alichotse, mutchule adiresi yeniyeni ya tsambalo ndi chifukwa chake. Dzina limene lapezeka m'makope oterowo lili pafupi ndi imelo kapena nkhope yanu musaligwiritsenso ntchito pena paliponse.